Mwali, Muali, Mwari kapena Mwale? Mbiri ya Dzina Lakale la Mwana Wamkazi

Ufumu wa Amaravi, umene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amaukumbukira chaka ndi chaka akasonkhana pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, unakhazikika pa mayina atatu monga mphika ukhalira pa mafuwa. Mayinawo ndi Kalonga, Nyangu ndi Mwali. Dzina la Kalonga ngakhale mwana wa sukulu amalidziwa. La Nyangu likumvekabe, pakuti mpando wa mayi wa ufumu ulipo kufikira lero. Koma la Mwali lazilala. Munthu angathe kutsegula kaundula wa sukulu ya atsikana, nawerenga a Chisomo, a Chikondi, a Tadala, a Memory ndi a Precious tsamba ndi tsamba, osakumana ndi Mwali ngakhale mmodzi.

Masiku ano makolo ena ayamba kufukula mayina akale kuti atche ana awo, ndipo dzinali likatchulidwa m'banja limautsa mafunso awiri. Loyamba nlakuti: kodi nkoyenera kupatsa khanda dzina limene linali la mpando? Lachiwiri nlakuti: ngati nkoyenera, lilembedwe motani, popeza pa pepala limatha kuoneka ngati Mwali, Muali, Mwari, ngakhalenso Mwale? Mafunsowa aoneka aang'ono, koma mwana ndiye adzasenze yankho lake moyo wake wonse, pa chiphaso, pa satifiketi ndi pakamwa pa anthu. Pofuna kuwayankha bwino, nkofunika kuyamba ndi mwini dzina.

Mwali m'bwalo la Kalonga

Mbiri ya pakamwa imanena kuti a Phiri, motsogozedwa ndi Kalonga, anachokera ku Uluwa, dziko la Aluba limene lero lili m'dziko la Congo. Atafika kumadzulo ndi kummwera kwa nyanja anapeza anzawo amene anatsogola kale, ndipo mfunda waukulu pakati pa iwo unali wa Banda. A Banda anali eni nthaka. Ndiwo ankasunga akachisi, kuthira nsembe ndi kupempha mvula kwa Chauta. Kachisi wawo wamkulu anali pa Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, ndipo pambuyo pake anasamukira pa Msinja, pansi pa mayi wolemekezeka wotchedwa Makewana. A Phiri anadza ndi ndodo ya ufumu, koma mfumu yopanda mvula siikhalitsa pa mpando. Motero mifunda iwiriyi inamanga pangano, ndipo mfundo ya panganolo inali ukwati: mkazi wamkulu wa Kalonga ankachokera kwa a Banda, ndipo dzina lake linali Mwali.

Pamenepa mpofunika kusiyanitsa Mwali ndi Nyangu, chifukwa ambiri amawasokoneza. Achewa amatsata bele la mayi. Wolowa ufumu sanali mwana wa Kalonga womwalirayo ayi, koma wobadwa m'bele la Nyangu, amene anali mayi kapena mlongo wa mfumu, wa mfunda wa Phiri. Choncho ana a Mwali sankayembekeza mpando. Ulemu wa Mwali unali kwina. Iye anali maso ndi pakamwa pa a Banda m'nyumba ya mfumu, ndipo dzina lake limatchulidwa pamodzi ndi kachisi wa pa Mankhamba. Mbiri imanenanso kuti pa nthawi yosankha Kalonga watsopano, wosankhidwayo ankayenera kulandiridwa ndi Mwali. Nyangu ankabala mafumu, Mwali ankavomereza mafumu. Ndi njira imeneyi makolo anaonetsetsa kuti mfunda umodzi usadye ufumu wokha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Dzinali silinali la mayi mmodzi. Monga zimachitikira ndi mayina a mafumu kufikira lero, linali dzina lolowa. Mwali akatsikira kuli chete, a Banda ankapereka wina kuti alowe dzinalo, natenga udindo ndi ubale wonse wa amene anamutsogolera. Pa chifukwa chimenechi akuluakulu posimba mbiri amangoti "Mwali anatero", ngati kuti anali munthu mmodzi wokhala zaka mazanamazana.

Malo amene Mwali ankakhala sanali kamudzi wamba. Mankhamba ali pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, ndipo pamenepo katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, zibangiri za minyanga ya njovu ndi zipangizo za mkuwa. Zinthuzi zikuchitira umboni kuti likululi linkachita malonda ndi maiko akutali kudzera ku Zambezi ndi kugombe la nyanja yamchere. Mayi amene anali ndi mawu pa mpando wa likulu lotere anali munthu wamkulu ndithu.

Ulemerero umenewu sunakhalire. Undi, atasemphana ndi abale ake pa nkhani ya mpando, anasamukira ku Maano, m'dera limene lero ndi chigawo cha Tete, ndipo mbiri imati anatenga Nyangu pamodzi ndi mbumba yachifumu. M'zaka za m'ma 1800 kunadza malonda a akapolo ndi nkhondo. Kachisi wa pa Msinja anaphwasulidwa ndi Angoni, ndipo Kalonga Sosola anaphedwa m'zaka za m'ma 1860 pa nkhondo yolimbana ndi Ayao. Ufumu unapitirira m'nyumba ya Undi, koma bwalo la pa Mankhamba litabalalika, dzina la Mwali linayamba kumveka kwambiri m'nkhani za akuluakulu kusiyana ndi m'mabwalo a milandu. Mwayi unalipo wakuti Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anasonkhanitsa nkhani zotere m'buku lake la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, eni kukumbukira asanathe.

Tsinde la dzinali

Ngakhale dzinali likusowa m'makaundula, tsinde lake lili pakamwa pa Mchewa aliyense. Mawu akuti namwali ndi mwali yemweyo, atangophatikizidwa ndi na- kumayambiriro, monga zilili ndi Naphiri kapena Nabanda. Kuchokera pamenepo mpamene panabadwa chinamwali, mwambo umene mtsikana wotha msinkhu amalangidwa ndi anamkungwi m'tsimba. Tsindeli silili m'Chichewa mokha. Ayao amatchula wolangidwa kuti mwali, Amakua ali ndi mwambo wa atsikana wotchedwa emwali, ndipo m'Chiswahili muli mawu akuti mwanamwali. Kufalikira kotereku kukusonyeza kuti mawuwa ndi akale kwambiri, akale kuposa ufumu wa Kalonga umene.

Umboni wina wa ukale wake uli pa matanthwe a Chongoni ku Dedza, pamene pali malo 127 a zojambula zakale amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambula zoyera za kumeneko zinajambulidwa ndi amayi a Chichewa pophunzitsa anamwali mwambo. Nawonso omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, atafuna mawu oyenera mayi wa Yesu ndi atsikana khumi a m'fanizo la nyali, anatenga mawu omwewa akuti namwali. Choncho tsinde la dzinali lili m'kachisi wa makolo, lili pa thanthwe, lilinso m'tchalitchi. Tanthauzo lake ndi mtsikana amene wakula, walangidwa, ndipo mtundu ukuyembekeza moyo kuchokera mwa iye.

Dzina kale ndi dzina lero

Kuti mkangano wa lero umveke, mpofunika kukumbukira m'mene makolo ankatchera mayina. Khanda silinkatchedwa dzina tsiku lobadwa. Linkakhala m'chikuta ndi mayi wake kufikira mchombo utagwa, ndipo potuluka mpamene akuluakulu a banja ankalipatsa dzina. Nthawi zina linkakhala la malemu wina wa pabanjapo, nthawi zina lonena za zimene banja linkadutsamo, monga Misozi, Masiye kapena Mavuto. Koma dzina limeneli linali la paubwana chabe. Mtsikana akavinidwa ankalandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi lakale lija kunali kumunyoza. Akakula ankalemekezedwa ndi mfunda wake, kuti Naphiri, Nabanda, Nambewe, Nankhoma kapena Namwale. Akabereka ankatchedwa make Uje. Akasankhidwa pa udindo ankalowa dzina la mpando.

Motero kale dzina linkakula pamodzi ndi munthu, ndipo funso lakuti khanda litchedwe Mwali silikanabuka nkomwe, pakuti dzinalo linali la kumapeto kwa ulendo, lolowa munthu atakhwima. Chimene chinasintha zinthu ndi pepala. Kaundula wa ubatizo, kaundula wa msonkho, kaundula wa sukulu ndi chitupa cha ulendo zinafuna kuti munthu akhale ndi dzina limodzi losasintha. Lero mwana amalembedwa kuchipatala asanatuluke nkomwe m'chikuta, ndipo dzina lolembedwa tsiku limenelo ndi lomwe lidzakhale pa satifiketi ya mayeso, pa chiphaso cha unzika, pa pasipoti ndi pa mwala wa pamanda. Ku Malawi, mwachitsanzo, kalembera wamkulu wa unzika wa mu 2017 anapereka ziphaso kwa anthu oposa 9 miliyoni, ndipo aliyense anatsala ndi zilembo zimene zinalembedwa tsikulo. Dzina limene silipatsidwa kwa khanda lero lilibenso khomo lina lolowera m'moyo wa anthu wamba.

Zolembera za alendo

Oyamba kulemba mayina a Amaravi anali Apwitikizi, amene anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500. Iwo ankalemba monga khutu lawo linamvera ndi monga zilembo zawo zinawalolera. Kalonga anamulemba Caronga, Lundu anamulemba Rundo, Undi anamulemba Unde. António Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Undi mu 1831 pa ulendo wopita kwa Kazembe, analemba Maraves ndi Chevas ponena Amaravi ndi Achewa, ndipo Mwata Kazembe anamulemba Muata Cazembe. Chipwitikizi sichinkagwiritsa ntchito w m'mawu akeake, choncho paliponse pamene Mchewa amati mw, mlembi ankaika mu. Chizolowezi chimenechi chinakhazikika m'maofesi a ku Mozambique, kotero kuti mlembi wophunzira m'Chipwitikizi ku Angónia, ku Macanga kapena ku Chifunde, akamva Mwali, dzanja lake limathamangira kulemba Muali.

Kumpoto kwa malire nkhani inayenda mwina. Buku loyamba lalikulu lomasulira mawu a chiyankhulochi linalembedwa kutali, pafupi ndi Mombasa, ndi mmishoni Johannes Rebmann mothandizidwa ndi Salimini, munthu wochokera m'chigawo chapakati cha Malawi amene anagwidwa ukapolo, ndipo linasindikizidwa mu 1877. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa lake la Chimang'anja mu 1892. Mishoni iliyonse inali ndi kalembedwe kake. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula dziko la Undi, ndipo Achewa anapezeka pansi pa maboma atatu, masukulu atatu ndi zolembera zitatu. Ngakhale dzina la Ntara mwini limapezeka m'mabuku ngati Ntara, Nthara ndi Nthala. Dzina la dziko la Malawi nalonso lalembedwapo Maravi ndi Malaŵi, ndi kachipewa pa w kamene kankaoneka pa masitampa ndi pa ndalama m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda.

Chichewa chitakhazikitsidwa ngati chiyankhulo cha fuko ku Malawi mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973. Ntchitoyo inapitirira m'manja mwa Centre for Language Studies kuyambira mu 1996. Ku Zambia masukulu anasunga c pamene Malawi amalemba ch, nchifukwa chake kumeneko kumaoneka Cinyanja ndi cinamwali. Koma pa nkhani ya l ndi r chizolowezi chimene owerenga ambiri anakulira nchimodzi. M'Chichewa zilembo ziwirizi zimaimira liwu limodzi, ndipo r amalembedwa akatsatana ndi i kapena e, monga mu Phiri, mbiri ndi kulera, pamene l amalembedwa kumayambiriro kwa mawu kapena akatsatana ndi a, o kapena u, monga mu mwala, khola ndi gule. Potsata lamulo limeneli dzinali ndi Mwali, ku Lilongwe ndi ku Katete komwe.

Malembedwe anayi pa muyeso

Muali ndi dzina lomwelo litavala malaya a Chipwitikizi. Wowerenga wa ku Mozambique akaliona amatchula bwino lomwe, ndipo palibe dzina lina limene angalisokoneze nalo. Mchewa wa ku Tete amene chiphaso chake chili ndi Muali sanalakwe kanthu, ndipo sayenera kuchititsidwa manyazi. Iye wangosenza chipsera cha malire amene sanawadule ndi iye.

Mwari ndi nkhani ina. M'khutu la Mchewa, Mwali ndi Mwari nchimodzimodzi. Koma Achewa ambiri ali ku Zimbabwe, kumene makolo awo anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ndipo malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 amawerenga Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Kalembedwe ka Chishona, kamene kanakhazikitsidwa potsata lipoti la Clement Doke la mu 1931, kalibe l, choncho mlembi wa ku Harare akamva Mwali adzalemba Mwari. Tsono m'Chishona Mwari ndiye Mulungu, ndipo dzinalo ndi limene lili m'Baibulo lawo. Mtsikana wolembedwa Mwari pakati pa Ashona adzakhala akufotokoza dzina lake pa khomo lililonse, ndipo ena adzayesa makolo ake odzikuza. Banja la kumeneko liyenera kuumirira l, komanso lidziwe kuti pakati pa Akalanga a kumadzulo kwa dzikolo, Mwali amene ndi dzina la Mulungu wa akachisi a m'mapiri a Matobo. Limenelo ndi dzina la eni ake ndi mbiri yakeyake, ndipo nkwabwino kulilemekeza.

Choopsa kuposa zonse ndi Mwale, chifukwa ili ndi dzina lina kotheratu. Mwale ndi mfunda, umodzi wa mifunda ikuluikulu ya Achewa pamodzi ndi Phiri, Banda, Mbewe ndi Nkhoma. Kusokonezaku kumachitika m'njira ziwiri. Yoyamba njakuti dzanja limalemba chimene linazolowera: mlembi walembapo a Mwale mazanamazana, Mwali sanamulembepo. Yachiwiri njakuti chilembo chimene Mchewa amachitchula kuti i, wophunzira m'Chingerezi amachimva ngati dzina la chilembo e. Mayi akamatchula zilembo chimodzichimodzi nafika pa chomaliza, iye akunena i, mlembi akulemba e, ndipo onse awiri akukhulupirira kuti agwirizana. Zotsatira zake, mwana wa kwa Banda amatuluka ali Mwale Banda, wa mifunda iwiri nthawi imodzi. Pakati pa anthu amene amazindikirana ubale ndi mfunda, nafunsana mfunda asanakambe za ukwati, chilembo chimodzichi sichaching'ono. Namwali ndi mtsikana wotha msinkhu, Namwale ndi mayi wa mfunda wa Mwale. Ndipo cholakwikacho chikalowa pa satifiketi imodzi nichisiyana ndi chiphaso, mwini dzina amayenda maulendo ambiri ndi kulumbira kuti atsimikize kuti iye ndi munthu mmodzi yemweyo.

Maganizo a anthu

Pa funso lakuti khanda litchedwe Mwali, anthu sagwirizana, ndipo mbali iliyonse ili ndi mfundo yoyenera kumvedwa. Osunga mwambo amati dzinali nlolemera. Iwo amakumbutsa kuti palibe amene amatcha mwana wake Makewana kapena Gawa Undi, chifukwa mayina otere ali ndi eni ake ndiponso njira yake yolowera. Amatinso dzina limayenda ndi mzimu wa mwini wake, ndipo makolo ankati mwana akamalira usiku ndi usiku popanda matenda, mwina pali malemu amene akufuna dzina lake, kapena dzina limene mwanayo wapatsidwa silinamuyanje. Kwa iwo, kutola dzina la mpando wa a Banda chifukwa chakuti likukoma m'khutu nchimodzimodzi kuvala mkanda wa mfumu popita kumsika.

Ena amayankha kuti dzina losaitanidwa limafa. Amafunsa kuti nchifukwa chiyani Achewa sanaope kutcha ana awo Elizabeti ndi Vikitoriya, mayina a mafumu aakazi a ku Mangalande, kapena Esitere, mkazi wa mfumu wa m'Baibulo, koma aope dzina la mayi wamkulu wa ufumu wawo womwe. Amasonyezanso kuti mayina a mipando monga Mwase, Chulu ndi Lundu akugwiritsidwa ntchito ngati mayina a mabanja popanda mipandoyo kuchepa ulemu. M'maganizo awo, mtsikana wotchedwa Mwali adzafunsidwa tanthauzo la dzina lake, ndipo poyankha adzaphunzitsa mbiri imene mabuku a sukulu amangoidutsa m'mizere iwiri.

Gulu lachitatu, makamaka amayi ndi aphunzitsi, limaganizira za mwanayo pabwalo la sukulu. Popeza Mwali amamveka ngati namwali, iwo amaopa kuti anzake adzamuseka, ndiponso amaona kuti nkosayenera kuitana kamwana ka zaka zisanu ndi mawu okhudza kutha msinkhu. Nkhawa yawo ili ndi maziko, pakuti m'madera ambiri kuvinidwa kunkatengedwa ngati chilolezo cha ukwati, ndipo atsikana ochuluka anasiyira sukulu panjira. Malawi anasintha malamulo ake aakulu mu 2017 kuti ukwati usachitike munthu asanakwanitse zaka 18. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene dera lawo linali lomwelo la Mtakataka, anatchuka pothetsa maukwati a ana ndi kubwezera anawo kusukulu, ndipo Kalonga Gawa Undi akhala akudzudzula mchitidwe womwewu. Komabe okonda dzinali amati Mwali wa m'mbiri sanali kamtsikana kokankhidwira ku ukwati. Anali mayi amene mawu ake ankamveka posankha mfumu, ndipo chitsanzo chotere nchimene atsikana a lero akuchisowa.

Palinso Achewa okhala ku Johannesburg, ku London ndi kwina, amene amafuna dzina lalifupi lokumbutsa mwana kwawo. Mwali ali ndi zilembo zisanu zokha, koma alendo ambiri lilime limawakanika pa mw, ndipo makolo ena amayesedwa kuti awonjezere chilembo, alembe Muwali, pofuna kuwapeputsira. Kutero nkubwereza ndi dzanja la mwini zimene Apwitikizi anachita posadziwa. Mlendo amene anaphunzira kutchula Mwalimu Nyerere ndi Levy Mwanawasa sangalephere Mwali.

Njira imene mwambo unasiya

Mbali zonsezi zikaikidwa pamodzi, zikuoneka kuti osunga mwambo ndi ofuna kudzutsa dzina sali kutali monga amaganizira. Oyambawo akuopa kuti dzina lingapeputsidwe, enawo akuopa kuti lingaiwalike, ndipo mankhwala a mantha onse awiri ndi amodzi: dzina liyende pamodzi ndi mbiri yake. Makolo sanalole kuti dzina litoledwe panjira. Linkakambidwa ndi mwini mbumba, malume ndi agogo, ndipo wotcha dzina ankadziwika, namangika ubale ndi mwanayo. Banja limene likufuna Mwali lingatsate njira yomweyo. A kwa Banda ali ndi gawo loyamba, pakuti dzinali linachokera m'nyumba yawo. A mifunda ina sanatsekeredwe khomo, popeza Mwali anali mayi wa dziko lonse la Kalonga, koma nkwaulemu kuti afunse akuluakulu ndi kumva uphungu wawo, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndipo kumene mafumu ndi eni mbumba anena kuti dzinali lisungidwire mpando, mawu awo alemekezedwe. Mayina okoma akale a ana aakazi sanathe.

Dzina likavomerezedwa, ntchito yotsala ndi ya maso. Kholo lilembe lokha dzinalo pa kapepala lisanapite kokalembetsa, zilembo zisanu, M, w, a, l, i, ndipo lisachoke pa tebulo la mlembi lisanaone chimene chalembedwa. Lionenso kaundula wa sukulu pamene mwana akuyamba Sitandade 1 kapena Giredi 1, ndi mndandanda wa olemba mayeso usanatumizidwe. Wolembedwa kale Muali asunge kalembedwe kamodzi pa mapepala ake onse, pakuti kusinthasintha ndiko kumabala mavuto.

Mwambo wa Kulamba nawonso unaletsedwa mu 1934, nukhala chete zaka 50 kufikira Kalonga Gawa Undi X anaudzutsa mu 1984. Gule Wamkulu, amene kale ankanyozedwa, analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005. Zonsezi zinadzuka chifukwa panali anthu amene anasunga tanthauzo lake pa nthawi imene ena analitaya. Dzina la Mwali lingadzukenso motero. Mwa atsikana amene amavina chinamwali pamaso pa Kalonga pa Mkaika muli adzukulu a a Banda amene ankapereka Mwali ndi adzukulu a a Phiri amene ankamulandira. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzatuluka m'chikuta ndi mwana wamkazi m'manja, ndipo agogo akadzafunsidwa dzina, kudzakhala bwino atadziwa kuti Mwali anali yani, ndi kuti dzinalo limatha ndi i.